Tcheni Chinagwera pa Mbombwe

Ndinanyamuka pa Mikolongwe mame asanakamuke, Loweruka limene tinkavundukula chiliza cha bambo athu ku Magomero. Mkazi wanga ndi ana anali atatsogola dzulo lake pa minibasi. Ine ndinasankha njinga ya achimwene anga a Dankeni, imene anatumiza pa basi kuchokera ku Joni. Eni akewo chichokereni sanapondekonso kuno. Maliro a bambo anawamvera pa foni, chifukwa mapepala awo si olongosoka. Akangotuluka m'dzikomo sadzalowamonso, pomwe mkazi ndi ana awo ali komweko. Ndinati bola njinga yawo ikafikeko.

Ndi njinga ya mpikisano, matayala owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi. Woikwera amawerama ngati akupalira. Amayi ena osenza nkhuni anandifuulira, "Achimwene, mwataya chiyani pansipo?"

Pa tara inkauluka, koma inkadandaula: khwe, khwe, khwe. Tcheni chinkakhula kachitsulo kamene kamachikankha posintha giya yakutsogolo. Ndinanyalanyaza. Dzuwa litakwera, pachitunda choyandikira Mbombwe, ndinatsitsa giya, tcheni n'kugwera mkati, mapedulo n'kumangozungulira chabe. Ndinachibwezera. Chinagwanso. Pofika pamsika manja anga anali bii, malaya oyera amene ndinasitira mwambowu atadinda zala.

Ndinaima pansi pa mtengo wa mango pomwe mayi wina ankagulitsa chinangwa chophika. Wakabaza wa njinga yamoto anasuzumira magiyawo n'kupukusa mutu.

"Izi n'za azungu, bwana. Isiyeni apa, ndikakutuleni pa teni sauzande."

Kuisiya sindikanatha. Ndinagula chinangwa cha faifi handiredi, ndinaimbira a Dankeni pa vidiyo. Ku Joniko amagwira ntchito m'shopu yokonza njinga.

"Iwe Yohane, sunafike?"

"Njinga yanu ikukana, achimwene. Tcheni chikungogwa."

"Chikugwera kuti, mkati kapena kunja?"

"Mkati."

"Basi, si matenda amenewo. Itembenuze, matayala m'mwamba. M'kachikwama ka pansi pa chishalo muli sikuludalaiva."

Mayi uja anandigwirira foni kuti a Dankeni aziona. Anandionetsa timasikulu tiwiri pamwamba pa kachitsulo kaja, kena kolembedwa L, kena H. Anati timeneti ndi malire, ngati mizere ya m'munda. Ka L kakamasuka, kachitsuloko kamapitirira malire n'kukankhira tcheni kuphompho.

"Ika giya yaing'ono kutsogolo, yaikulu kumbuyo. Manga ka L pang'ono. Ndati pang'ono, iwe! Si botolo la mafuta limenelo. Pakati pa tcheni ndi kachitsulo patsale mpata wongolowa chikhadabo."

Ndinazunguza pedulo ndi dzanja, kukweza giya, kutsitsa. Tcheni chinakhala m'malo mwake. Koma pa giya yaikulu kukhula kuja kunalipobe. Anati waya wafooka, ndipotokole kabotolo kakang'ono ka pa wayayo mobwerera kumanzere, kenako ndimvetsere. Ndinapotokola, kumvetsera, kupotokolanso. Phokoso linazilala mpaka zii.

Ndinathokoza, ndikufuna kudula foni. Koma a Dankeni anali asanathe.

"Tatembenuzani foniyo, mayi," anatero. "Ndionepo."

Mayi uja anaizunguza pang'onopang'ono: msika, akabaza, minda ya nandolo, phiri la Chiradzulu litavala kamtambo pamutu.

"Nandolo wayamba maluwa eti?" Mawu awo anali atasintha. "Mayi, kalongonda mumaphikabe kumeneko?"

"Tileke chifukwa chiyani? Mubwere, bambo, mudzadye."

Anaseka, koma kusekako sikunathere bwino. Kenako anati, "Yohane, usadule. Zimitsa vidiyo, uike foni m'thumba la pachifuwa. Ndikwere nawo."

Kuchokera pamenepo tinayenda awiri. Anandilangiza kuti ndisamasinthe giya ndikuponda mwamphamvu, ndizichita kufewetsa phazi, ndiponso ndizitsitsa chitunda chisanayambe. Zatsala zonse anali mafunso. Tili pati? Mlatho uja anaukonza? Akuimbawo ndi ana a sukulu kapena a kwaya? Titadutsa pa boma ndinaima kumwa thobwa, iwo n'kufunsa ngati ndi la mapira. Titasiya tara kulowa msewu wafumbi, timatayala tija tinayamba kuvina pamiyala, ndipo anati akumva kugwedezekako m'mano mwawo. Bambo wina wokalamba amene tinakumana naye ndinamupatsa moni, m'thumba mwanga namonso munatuluka mawu: "Zikomo, wawa!" Mkuluyo anandiyang'ana ngati ndameza munthu.

Penapake anasiya kufunsa. Ndinkangomva kupuma kwawo pachifuwa panga. Ndinakumbukira mmene ankandikwezera pakaliyala ya njinga ya bambo popita kuchigayo, ine nditagwira malaya awo, nkhope nditaibisa kumsana kwawo. Ndinangopalasa.

Tinafika ku Magomero dzuwa lili paliwombo, anthu atayamba kale ulendo wa kumanda. Amayi athu ananditulukira, kuyang'ana malaya anga akudawo, kutsegula pakamwa kuti andikalipire. Ndinawapatsa foni.

"Ndabwera nawo a Dankeni."

Anailandira ndi manja awiri. "Dankeni, mwanawe, wadya?"

Kenako amayi anaikulunga foniyo m'chitenje pachifuwa pawo n'kulowa pamzere wa azimayi oimba. Nsalu itachotsedwa pachiliza, amayi anawerama n'kuwerenga mayina a ana onse mokweza, kuyambira woyamba kubadwa, Dankeni, kuti mwini dzina amve. Batire linatha pemphero lomaliza lisanathe.

Ulendowu unandiphunzitsa kukonza magiya, inde. Koma chimene sindinkadziwa n'chakuti zaka zonsezi ndinkawaimbira achimwene kukakhala maliro kapena vuto basi. Sindinawauzepo kuti nandolo wachita maluwa.