Matayala Akhale kwa Ine

Galimoto ija inalowa m'mudzi mwathu ikukokedwa ndi thirakitala ya kuesiteti, amuna anga ali pa chiwongolero akumwetulira ngati akuchokera kotenga mkwatibwi. Kale inali yofiira, koma pa nthawiyo inali itasanduka mtundu wa dothi la katondo. Denga inalibe. Mipando iwiri basi, ndipo inali yaifupi moti nkhuku zinkadumphiramo osakupiza n'komwe mapiko. Mzungu wina woyang'anira minda ya tiyi, amene amuna anga ankamuyendetsa, ndiye anaisiya pobwerera kwawo. Ati injini inafa kalekale, aitenge akaone chochita nayo.

Ine ndinangofunsa kuti thumba la chimanga lizikhala pati popita kuchigayo. Anandiyankha kuti galimoto imeneyi si ya kuchigayo, ndi ya liwiro. Ndinati chabwino, tizidya liwirolo.

Tinkakhala kwathu, kuseri kwa Nkando, pa malo a amayi anga. Amuna anga anali ochokera ku Thyolo, ndipo kwathu anali mkamwini. Nyumba anamanga okha, mapeyala anadzala okha, koma aliyense ankadziwa kuti ukwati utatha lero iwo atuluka ndi bulangete lawo lokha. Ndi mmene timakhalira. Chinanso, iwo ndi amayi sankalankhulana. Osati chidani ayi, ulemu. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana. Akakumana pa kanjira ka kudimba, wina ankapatukira m'chinangwa mpaka mnzake adutse. Amayi akafuna kuti nkhokwe ifoleredwe ankauza ine, ine n'kuuza amuna anga, ngakhale onse ali pabwalo limodzi akumvana bwinobwino. Ine ndinali positi ofesi yawo.

Galimoto anaikankhira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ntchito inayamba. Akaweruka kuesiteti, tiyi osamwa, ankavula yunifolomu n'kuvala kabudula wong'ambika. Injini anaitulutsa ndi chingwe chomangirira ku nthambi ya mangoyo, amuna anzawo a m'mudzi akukoka uku akuwaseka. Kenako anaimasula yonse. Mayo ine, sindinkadziwa kuti m'chinthu chimodzi mungatuluke tizinthu tochuluka chotere. Ananditengera mphasa yanga yatsopano n'kuyala m'chisakasa cha pambali pa khitchini, kalikonse pa malo ake, kakumanzere kumanzere, kakumanja kumanja. Ndinalusa ndithu. Mphasa imeneyo ndinaigulira alendo.

Za kusitolo sitikanazitha. Malipiro a dalaivala ankathera pa sopo, mchere, fizi ya mwana wathu woyamba ndi makhadi a chipani, poti wopanda khadi pamsika pa Nkando sankalowa ngakhale akagule tomato mmodzi. Choncho zambiri ankapanga okha. Zitsulo ankatsukira m'beseni la palafini ndi mswachi wakutha. Magasiketi, timapepala totseka mipata ya pakati pa zitsulo za injini, ankadula pa katoni ya nsapato, akugogoda pang'onopang'ono ndi kahamala mpaka chibowo chilichonse chituluke chokha, kenako n'kupaka girisi. Ponola mavalavu, tizitsulo totsegula ndi kutseka njira za mpweya m'injini, ankasefa mchenga wa kumtsinje pa duku langa lakale, n'kusakaniza ndi oyilo, n'kumapekesa ndi kamtengo pakati pa zikhatho ngati munthu wopekesa therere. Ankatero mpaka m'manja matuza. Pochita zimenezi ankaimba nyimbo za kwaya chamumtima, ndipo nkhope yawo inkasalala. Ndinali ndisanawaonepo chotero, ngakhale tsiku la ukwati wathu. Ndinasiya kudandaula za mphasa.

Amayi okha ndi amene sankaseka nawo. Ena onse galimotoyo ankaitcha khola la nkhuku la adalaivala, koma iwo ankangoiyang'ana cham'mbali akusenda makaka pakhonde pawo. Tsiku lina anandifunsa ngati chinthucho chidzayendedi. Nditati inde, eni ake akuti chidzafika ku Limbe madzi a tiyi asanawire, anangofwenkha fodya wawo.

Chiperoni chitatha, injini inabwerera m'malo mwake. Batire anabwereka kwa mnzawo wa thirakitala. Petulo anali wosowa zaka zimenezo, nkhondo ili mkati kutsidya kwa malire, koma anapeza wa m'botolo la sobo. Kunatsala kuika kanthu kamodzi, kakuda, kotalika ngati chala chachikulu, kokhala ndi kamkuwa pamwamba. Ankati ndi rota, imene imagawira moto ku mapulagi. Anakasiya pa mphasa kuti akaike Loweruka akaweruka masana.

Loweruka lija kanthu kaja panalibe.

Tinasesa chisakasa chonse. Ndinakutumula mphasa, ndinafunsa ana mpaka wamng'ono analira, ndinasuzumira ngakhale m'chisa cha nkhuku. Amuna anga anangoima chilili akuyang'ana pansi. Kenako anandikodola n'kundilozera m'mphepete mwa mphasa, pamene inayalidwa. Panali kafodya kofwenkha katatayikira. Pamudzi ponse wofwenkha fodya anali mmodzi.

Akanakhala wina aliyense bwenzi atapita kukamugwira pa mkono. Koma apongozi ungawafunse bwanji? Ngakhale kudzera mwa ine, mawu ake angakhale otani, oti kafunseni amayi anu ngati aba? Anandiletsa. Anati ndisayerekeze, mwina anaona molakwa, mwina ndi khoswe. Khoswe wofwenkha fodya, ndinatero ine. Sanaseke.

Anayesa kupanga kena. Anasema kamtengo ka mbawa, n'kukhomerapo kamkuwa kochokera pa loko wakufa. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kamtengo kaja n'kupsa, fungo lake ngati la nkhuni zaziwisi. Anasemanso kena, nakonso chimodzimodzi. Ndiye anakwera basi kupita ku Limbe kukafufuza kwa ogulitsa zitsulo zakale. Anabwera chimanjamanja. Galimoto za mtundu umenewo m'dziko muno zinali zowerengeka, ndipo wina anawauza kuti aitanitse kunja, ngati kuti kunjako ndi ku Luchenza. Koma anabwera ndi nkhani ina. Mwini galaja wina kumeneko, ataona manja awo ndi kumva mmene anachitira ndi injiniyo, anawauza kuti ntchito ilipo, ndi kachipinda kogona kuseri.

Apa m'pamene ndinayamba kuopa. Kuimba kuja kunatha. Ankabwera kuntchito n'kukhala m'galimoto yakufayo, manja pa chiwongolero, osapita kulikonse. Tsiku lina ndikuwapatsira madzi osamba anandifunsa, osakweza mawu, kuti pamudzi pano chawo n'chiyani. Nyumba ndi ya ine mkazi wawo, mitengo ndi ya ana, munda ndi wa amayi. Chinthu chimodzi chokha chimene anabwera nacho m'dzina lawo, galimoto ija, nachonso achithyola mwendo, ndipo alibe pokadandaula. Sananame. Ndinawamvera chisoni. Akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo ine ndinaona kuti wanga wayamba kuterera m'manja.

Sindinawamvere zoti ndisafunse. Ndinapeza amayi kudimba akuthyola nandolo, ndipo ndinalankhula mosayenera mwana. Ndinati akufuna kundithetsera ukwati. Ndinati ngati akufuna ndikhale mbeta ngati iwo angonena. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena andilalatira m'Chilomwe monga ankachitira akapsa mtima. Sanakane. Anapitiriza kuthyola, kenako anati:

"Bambo ako anachoka pano wapansi, nsapato alibe. Mpaka lero ndikudikira. Nanga uyu wa matayala anayi?"

Bambo anga anapita ku Joni ine ndili kumsana. Anati akagwira ntchito ya m'migodi nyengo imodzi kuti adzagule njinga. Sanabwere, sanalembe, ngakhale uthenga wa maliro sunafike. Ndinakula ndikudziwa zimenezi monga mmene umadziwira kuti phiri lili kum'mawa, osaziganiziranso. Sindinkadziwa kuti kwa amayi bala linali likadali laliwisi. Anandiuza kuti chiyambire tsiku limene chinthucho chinalowa m'mudzi sagona bwino. Akaona mkamwini wawo akusekerera pansi pa mango, amaona nkhope ya munthu amene mtima wake uli kale panjira. Mipando iwiri, anatero, wina wake, winawo wa ndani? Iwe ndi ana atatu mukwanamo? Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Tinathyola nandolo limodzi mpaka dengu linadzaza, kanthu kaja osakatchulanso.

Madzulo, dzuwa lisanalowe, ndinawauza amuna anga zonse, mawu ake momwemo. Ndinkaopa kuti apsa mtima poti awayerekeza ndi mtchona. Anatenga sipanala imene inali yoyera kale n'kuyamba kuipukuta. Kenako anandifunsa ngati bambo anga anatsanzika bwino pochoka. Ndinati ndikumva kuti analonjeza pamaso pa amalume kuti adzabweranso. Anangogwedeza mutu. Ndiye kuti mawu sangathandize, anatero, ngakhale akanaloledwa kulankhula ndi amayi.

Kutacha linali Lamulungu. Ine ndikukonzekera za kutchalitchi ndinamva chitsulo chikulira pabwalo. Ndinatuluka duku lili m'manja. Anali atakweza galimoto ndi jeke, akuika njerwa pansi pake. Anamasula tayala loyamba n'kuligubuduza kudutsa bwalo lonse, kulambalala nkhokwe, mpaka pakhonde pa amayi. Analitsamiritsa kukhoma, maso ali pansi, n'kubwerera. Anatero ndi onse anayi, ndiponso la sipeya limene linali kumbuyo. Amayi anali m'nyumba, chitseko chili chotseka, koma ndinkadziwa kuti ali pa kazenera. Anthu opita kutchalitchi anaima pamsewu kuonerera. Wina anafunsa ngati adalaivala ayamba kulipira lobola ya matayala. Amuna anga anasamba m'manja, anavala jekete, tinapita kukapemphera. Za ulaliki wa tsikulo musandifunse, sindinamvepo kanthu.

Pobwera tinapeza matayala palibe pakhonde, alowetsedwa m'nyumba. M'chisakasa, pakati penipeni pa mphasa yanga, panali kanthu kaja, katakulungidwa m'kansalu koyera. Pambali pake panali tambala womangidwa miyendo. Kwathu apongozi akapereka nkhuku kwa mkamwini ndiye kuti manyazi atha, akhoza kulankhulana.

Amuna anga sanavule n'komwe jekete. Kanthu kaja anakaika m'malo mwake, anathira petulo wa m'botolo uja, anakhala pa mpando n'kupotokola kiyi. Inakana. Anapotokolanso, inatsokomola, inatulutsa utsi wakuda umene unabalalitsa nkhuku zonse, kenako inagwira. Abale inu, kulira kwake. Sikunali ngati kwa thirakitala kapena lole za tiyi zimene tinazolowera. Kunali kokhuthala, kochokera pansi, moti ndinakumva m'chifuwa. Galimoto yonse inkanjenjemera pamwamba pa njerwa zake. Ana anavina. Amuna anga anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, misozi ikutsika, osaipukuta. Inenso ndinalira, koma ine ndinali ndi chifukwa china. Ndinkaona munthu amene wadzutsa chinthu chakufa ndi katoni ndi mchenga, ndipo mwina sadzadziwa n'komwe mmene chimathamangira.

Amayi anatuluka. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo lija, osapatuka, mpaka anaima pafupi ndi chitseko cha galimoto. Amuna anga anazimitsa injini msanga, natsika, nagwada. Chikwatire ine, anthu awiriwa anali asanayandikanepo chotere. Amayi sanayang'ane ine ayi. Anayang'ana iwo.

"Bambo, ikulira bwino," anatero. "Koma matayala akhale kwa ine."

"Akhale, amayi."

Ndinkaganiza kuti ndi za mwezi umodzi, mtima ukatsika adzabweza. Ndinawakumbutsapo amayi kangapo, iwo n'kumati mawa. Ndinauza amuna anga kuti tsopano amalankhulana, akapemphe okha. Anati anapereka okha, sangakalandenso. Za ku Limbe sanazitchulenso. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, petulo akapezeka, ankailiza pang'ono, ndipo amayi ankabwera ndi mpando wawo kudzamvera. Pambuyo pake anayamba kukhala pa mpando winawo wa m'galimoto, mkamwini uku apongozi uku, akukambirana za mvula ndi mitengo ya feteleza, galimoto ili pa njerwa.

Amayi atamwalira tinapeza matayala aja pansi pa bedi lawo, atafundidwa ziguduli kuti asadyedwe ndi makoswe. Labala yake inali itauma n'kung'aluka. Ndinawauza amuna anga kuti ndi awo tsopano, tikhoza kufunafuna ena akale n'kuikapo, akaione Limbe ija. Anawayang'ana, anagwira limodzi, kenako analibweza pansi pa bedi pomwepo.

"Sanandibwezere," anatero.

Galimoto ija sinatulukepo pamudzi pathu. Iwonso sanatuluke, ndipo manda awo ali kwathu, mzere umodzi ndi a amayi.