Mzere wa Mabotolo Odzaza

Mboni zanga ndi zitatu. Woyamba ndi mkazi wanga, amene ali moyo ndipo amakana theka la nkhaniyi. Wachiwiri ndi telala wa ku Kasama amene tinkayandikana naye ku Chawama, yemwe anamwalira asanakane kalikonse. Lachitatu ndi botolo limene lili pamwamba pa kabati mpaka lero.

Zaka zija za chipani chimodzi ndinali katswiri wa mizere. Sindikuwonjezera. Ndinkaima patali n'kudziwa chimene chikugulitsidwa kutsogolo. Mzere wa shuga unkakangana. Wa sopo unali wa azimayi, ana kumsana. Wa ufa unkayamba ndi miyala, poti anthu ankasiya mwala kuti uwasungire malo, ndipo mwala wina wa ku Kanyama unagula matumba awiri ine ndikuona. Wa mafuta ophikira, amene tinkati saladi, unkadziwika ndi mabotolo. Lamulo linali limodzi: osafunsa. Wodziwa sankanena, kuopa kuti mzere ungatalike, ndipo wofunsa ankaoneka wotsika kumene basi ya kumudzi.

Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Katete mkazi wanga ali woyembekezera mwana woyamba. Anapeza tikudya ndiwo zowiritsa m'madzi sabata yachitatu. Sanakalipe. Anangouza mwana wawo, mokweza kuti ine ndimve kuseri kwa katani, kuti Loweruka anyamuka naye, akachirire kumudzi komwe kuli nsinjiro, ndipo za kubwerera akaziona mtsogolo. Ndinalonjeza saladi dzuwa lisanalowe.

Telala anatseka makina ake n'kunditsatira, chifukwa ankakhulupirira luso langa. Pafupi ndi Kamwala tinauona: mzere wautali, wodekha, aliyense botolo m'manja. Tinaima kumapeto. Unkayenda msanga kuposa mzere uliwonse umene ndinauonapo, ndipo ndinauza telala kuti dziko layamba kukonzeka.

Titakhota pakona, panalibe sitolo. Panali lole, ndi amuna awiri a chipani akukweza anthu mmodzimmodzi, opita kukagwedezera mbendera mlendo wa dziko. Kutuluka pamenepo kukanafuna kufotokoza chifukwa chimene sukufunira kukalandira mlendo wa dziko, ndipo ine chifukwa chotero ndinalibe. Tinakwera. Anatipatsa timbendera tapepala.

M'lolemo ndi mmene ndinayang'anitsitsa. Mabotolo a anzathu onse anali odzaza madzi. Iwo ankadziwa dzuwa la msewu wa ku bwalo la ndege. Opanda kanthu anali awiri okha.

"Ba neba," anatero telala chapansipansi, "saladi yanu ibwera na ndeke?"

Tinaima m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka chithunzithunzi changa chinatopa n'kukhala pansi. Tinaombera m'manja galimoto yoyamba, inali ya apolisi. Tinaombera yachiwiri, inali ya munthu wosochera. Pamene mlendoyo ankadutsa ndinali nditawerama kumanga nsapato. Ndimaganizabe za tsiku lija. Amene anali m'galimoto anaona khamu losangalala, ndipo sindimuimba mlandu. Patali, munthu wokondwa, munthu wamantha ndi munthu wofuna saladi amagwedeza mbendera mofanana. Nanenso ndinaona mabotolo, osaona zam'kati.

Lole sinabwerere kudzatitenga. Tinafika ku Chawama wapansi, dzuwa likulowa, ndipo fungo la anyezi wokazinga linandipeza ndisanafike pakhomo. Linkachokera m'nyumba mwanga.

Mkazi wanga anandifotokozera akubisa nkhope. Amayi ake anatuluka masana kukaona msika, anapeza mzere kuseri kwa tchalitchi, n'kuyenda mpaka kutsogolo kukafunsa kuti kodi pano pali chiyani. Anawayankha. Basi. Anthu a m'tauni tinali tisanayesepo njira imeneyi.

Ndinakhala pampando, kambendera kali m'thumba la malaya, botolo pakati pa mapazi. Apongozi anayang'ana zonse ziwiri nthawi yaitali. Ine ndinkangoganiza za Loweruka.

"Mwana wanga sindimutenga," anatero, akulankhula kwa khoma monga mwa ulemu wa apongozi. "Bambo awa si owasiya okha."

M'malo mwake anakhala iwowo. Ine ndimati miyezi isanu ndi iwiri, mkazi wanga amati inayi. Saladi sinasowenso m'nyumba mpaka mwana anabadwa, ndipo ine sananditumenso ku mzere uliwonse.