Tsiku Limene Ndinachapa Phwetekere wa Amayi Anga

Phwetekere wa amayi anga anali wamng'ono ngati diso la nkhuku, wofiira psuu, wowawasa pang'ono, wokoma kwambiri. Awiri okha m'therere, nyumba yonse yadziwa. Atatu mu usipa, mlendo waiwala kwawo. Ndikamutchula mpaka lero m'kamwa mumadzaza malovu, ine nkhalamba ya mano anayi, ndipo ndimaseka, poti kulira ndinalira kale.

Ndinabwera naye kuchokera kwathu ku Ntcheu. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, koma ine ndinatengedwa, amuna anga atamaliza ntchito ya misewu, kubwera kuno ku Iponga kwa mpunga ndi nthochi. Amayi analibe mbuzi yondipatsa. Anandipatsa kansanza kouma gwa, kodzaza njere.

Mbewu ya phwetekere kwathu timasunga chonchi. Usankha wakupsa bwino pa tsinde lamphamvu. Umufinyira pa kansalu ka thonje, upaka ndi chala, upaka, upaka, mpaka njere zimwazike. Uyanika masiku awiri kapena atatu, kenako upachika kudenga la khitchini kuti utsi uzilondera. Ikakwana nthawi yofesa uviika kansaluko m'madzi, ufikisa, njere zabwino zimira pansi, zamphwephwa ziyandama. Zomirazo ndiye mbewu. Uthira pa nazale, uphimba ndi udzu, ndipo sabata isanathe timasamba tiwiritiwiri tatukula manja ngati ana a kwaya.

Zaka zambiri ndinachita zimenezi kuseri kwa khola la ng'ombe la apongozi, kumene nthaka ndi yakuda bii. Ndinagawira mudzi wonse. Mayi wina woyandikana nafe, amene tinkatchulana mlamu ngakhale panalibe ubale, ndinamuphunzitsa ndi manja angawa kufinya, kuyanika ndi kuviika. Anati ndagha, ndagha, kuthokoza m'Chinkhonde chawo, nandibweretsera phava la nthochi.

Kenako anabwera alangizi ndi timapepala ta mbewu ya matimati akuluakulu onga chibakera. Anthu anathamangira. Anati wanga ndi chakudya cha mbalame, sagulika pamsika, kuthyola kwake n'kotopetsa msana. Mmodzimmodzi anasiya, mpaka m'mudzi monse tinatsala awiri, ine ndi phwetekere wanga. Amayi anali atamwalira. Ndikalowa m'dimba m'mawa, fungo la masamba ake likandigwira m'manja, ndinkati mwadzuka bwanji amayi.

Chaka china mtsinje unasefukira. Unatenga khitchini ndi tinsanza tonse ta mbewu, unakwirira dimba ndi mchenga wofika m'mawondo. Madzi ataphwa ndinapeza tsinde limodzi pamwamba pa chulu, lodzimerera lokha, lopendekeka koma lamoyo. Ndinavina pamenepo ndekha, matope mpaka m'ntchafu. Ndinalitchinga ndi minga, ndinalitungira madzi m'mawa ndi madzulo, ndinalumbira kuti palibe adzalawe ngakhale mmodzi, kaya ndi mwana, kaya ndi amuna anga. Linabala pang'ono, odzaza dzanja limodzi, kenako linayamba kufota. Ndinathyola onse.

Tsono kansalu. Madzi anali atatisiya ndi zovala za m'thupi zokha. M'nyumba munatsala nsalu imodzi yakale ya chipani, imene tinkavala pokavina, ya nkhope ya mkulu wa dziko. Imeneyo inapulumuka chifukwa tinkaisunga pamwamba pa mtanda wa denga. Nsalu yotere ikatha sunkaitaya, sunkaiwotcha, sunkaisandutsa thewera. Inkangokhala. Yanga inali itasuluka ndi dzuwa ndi thukuta, yong'ambika m'mbali. Ndinang'ambako chidutswa, ndinachitembenuza kunsi, ndinayang'ana: mbee, palibe chooneka. Ndinafinya phwetekere yense, ndinapaka ndikuimba, ndinayanika pa mpanda wa bango pafupi ndi njira.

Sindinaganize za dzuwa la masana, kuti likapendeka limawala kuseri kwa mpanda.

Mlamu wanga uja nthawi imeneyo anali wapampando wa amayi a chipani m'dera lathu. Ankachokera ku munda wa mpunga, khasu paphewa. Anaima. Masiku onse tinkayankhulana Chinkhonde, changa chopunduka iye n'kumandiseka. Tsiku limenelo anandiitana m'Chichewa, chiyankhulo changa chomwe, chowuma ngati cha pa wailesi.

"Mayi, tabwerani. Ichi n'chiyani?"

"Ndi mbewu, mlamu."

"Mlamu wanu ndani? Dzaimeni pano pamene ndaima ine."

Ndinakaima. Dzuwa linali litadutsa m'nsalu ndi kudzutsa zonse zimene zinasuluka: diso limodzi, tsaya, theka la pakamwa. Ndipo pa tsayapo, pa disopo, njere zanga waa, ngati munthu wodwala nthomba.

Anachotsa chidutswacho ndi zala ziwiri, nachipinda, napita nacho. Mbewu yonse ya amayi anga inalowa m'thumba la diresi lake.

Amuna anga atamva anakhala pansi. Anati anthu apita osabwerera pa nkhani zochepa kuposa iyi, ndipo ndisatchulenso za phwetekere, ndiganize za ana. Anagwira tambala napita kukapepesa kwa wapampandoyo. Anabwerako ndi mawu akuti nkhani siipita ku boma, ithera m'mudzi, koma pa tsiku lophunzira nyimbo za chipani ndikachape nkhopeyo pamaso pa amayi onse mpaka iyere.

Iwo ankanena ndi nkhope yogwa. Ine mumtima ng'oma inalira. Kuchapa! Kodi si mmene timachotsera njere? Ndichapa, njere zimira, nditenga beseni langa, ndibwera nalo kunyumba. Manyazi ndidya, manyazi saphetsa. Masiku anayi amene anatsala ndinakonza nazale, ndinasefa manyowa, ndinamweta udzu wophimbira. Tsikulo ndinatsuka beseni langa loyera, ndinatunga madzi ozizira pachitsime, ndinayenda ndikung'ung'udza kanyimbo mpaka amuna anga anati nditseke pakamwa, anthu angati sindinalape.

Pabwalo la sukulu amayi anali atakhala mozungulira, onse m'nsalu zatsopano, nkhope zambirimbiri zikundiyang'ana kuchokera m'ziuno ndi pa zifuwa. Pakati panali mafuwa atatu, moto, ndi mphika waukulu ukubwata.

Wapampando anatenga beseni langa, nakhuthula madzi anga pansi. Anaikamo chidutswa chija.

"Litsiro lotere silichoka ndi madzi ozizira," anatero. "Kapena ndanama, amayi?"

Ena anati simunaname. Ena anayang'ana zala za kumapazi. Mayi wina wachikulire, amene zaka zonse ankadya phwetekere wanga, anayamba kunena kuti ofunda chabe akwanira, koma mnzake anamutsina asanamalize.

Ndinamuyang'ana m'maso wapampandoyo. Ankadziwa. Ndinamuphunzitsa ndine kuti njere zimamira. Ndinagwada, ndinanena motsitsa kuti ena asamve: ndimenyeni, ndivina kutsogolo chaka chonse, koma mundilole ndikokoteko ndi chikhadabo njere khumi zokha.

"Mukufuna kukanda nkhope ya mkulu ndi chikhadabo?" Anakweza mawu kuti onse amve.

Anatunga madzi owira mumphika muja ndi chikho, nathira. Nthunzi inakwera, ndipo kwa kanthawi bwalo lonse linanunkhira ndiwo za amayi anga. Anathiranso. Anandipatsa sopo, nayambitsa nyimbo yotamanda, amayi n'kumawomba m'manja, ine n'kumachapa. Zala zinapsa, khungu linatuwa. Ndinaimba nawo, ndipo mawu anga ndi amene ankamveka pamwamba pa onse, chifukwa ndikanasiya kuimba pakamwa pakanatuluka zina.

Nsalu itayera anaitambasula, naionetsa uku ndi uku. Kenako anakankha beseni ndi phazi.

"Madzi anuwa tengani. Mukamwetse dimba."

Ndinasenza. Ndinkadziwa, koma ndinasenza, pang'onopang'ono kuti lisatayike dontho. Njere zinali pansi, zonse zitamira bwinobwino ngati mbewu yeniyeni. Ndinathira pa nazale, ndinaphimba ndi udzu. Ndinkati mwina imodzi inabisala m'mpendero, mwina imodzi ili ndi khungu lolimba ngati ine. M'mawa uliwonse ndinkatukula udzu. Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Ndinafukula ndi kamtengo, ndinapeza timakoko tofewa, tonunkha.

Ndinatembenukira ku chulu. Ndinati mwina wina anagwa osamuona. Ndinathirira chulu chouma mwezi wathunthu, anthu akudutsa n'kumati mkazi wa ku Ntcheu wayamba kulima chiswe. Tsiku lina kanatuluka kanthu ka masamba awiri. Ndinakatchinga, ndinakaimbira, ndinaitana amuna anga kuti adzaone. Masamba achitatu atatuluka anali chisoso.

Nditapeza mpata wopita kwathu, ndinayenda nyumba ndi nyumba kwa achemwali ndi kwa azakhali. Kumenekonso timapepala tinali titafika. Anandipatsa wina wamng'ono wa kudzala, wofanana maonekedwe. Ndinabzala, ndinalawa. Sanali iye.

Patapita zaka mayi uja anachotsedwa pampando, anaika wina wamng'ono wodziwa kuwerenga. Tinakumana pa maliro tikudula ndiwo, mabondo akugundana pa mphasa imodzi. Anadula tomato wamkulu, madzi chuu m'manja, mkati mwake mbuu. Anapukusa mutu nanena m'Chinkhonde kuti za masiku ano ndi madzi okhaokha, sizikoma. Kenako anandifunsa, nkhope ili bwinobwino, ngati kaphwetekere kanga kaja ndikadali nako, ndimugawireko.

Ndinaseka mpaka amayi ena anatembenuka, poti pa maliro saseka chotero. Ndinamuyankha m'Chichewa.

"Munaphika nokha tsiku lija. Simunalaweko?"

Anati sakukumbukira. Anapitiriza kudula, ine ndinapitiriza kudula, ndipo ndiwo zimenezo anthu anadya ndi mchere wambiri.