Mtsinje Umene Ndinasamutsa

Ena ankati ndi chiswe, ena ankati dothi linali lamchenga kwambiri. Ndine ndinasamutsa mtsinje uja, ndi sipoko ya njinga, ndipo mpaka lero palibe amene ndinamupepesa.

Tinabwerera kwathu ku Mozambiki kuchokera ku kampu ya ku Malawi nkhondo itatha, tili pamwamba pa lole, ndi makasu, chidebe ndi lona long'ambika. Njira yonse abambo ankangokamba za munda wathu wa m'mphepete mwa kamtsinje kotsika ku phiri la Tumbine, dimba la dothi lakuda bii ndi mitengo ya mango imene anabzala okha ine ndisanabadwe. Titafika, mango analipo, dimba linalipo, koma zonse zinali tsidya lina. Pamene ife tinkaima pa mzere wa ufa kukampu, chigumula chinabwera, kamtsinje kanasiya khwawa lake lakale n'kudzadula pakati pa munda wathu. Ife kunatitsalira chitunda cha nsangalabwi pamene ngakhale chinangwa chimamera monyinyirika.

Dimbalo ankalima ndi aneba athu, bambo wamalonda amene sanathawe nkhondo. Abambo atawadandaulira, iwo anayankha akusenda nzimbe ndi mano.

"Achimwene, malire ndi mtsinje, makolo anatero. Ine sindinasunthe, wasuntha ndi mtsinje. Kaufunseni. Kapena ku Malawi kwanuko anakuphunzitsani lamulo lina?"

Abambo sanakangane nawo. Lamlungu lililonse potuluka ku Misa ankawoloka kamtsinjeko chipewa chili m'manja, tsiku lina atanyamula nkhuku, tsiku lina nyemba. Pamapeto aneba aja anati akakolola aona, mwina atisiyira mizere ingapo pansi pa mango. Abambo ankagonera mizere imeneyo.

Sukulu yathu inali makoma a mabowo a zipolopolo. Malata a kalasi imodzi yokha yofolera anapereka ndi aneba omwewo, choncho ankakhala pa mpando wakutsogolo pa msonkhano uliwonse. Aprofesoro athu a jogalafe, mnyamata wochokera ku Quelimane, analibe buku kapena mapu a pakhoma, ndiye anatiumbitsa dziko lathu ndi dothi pabwalo. Ndisaname, chinthu chija chinali chokongola. Tumbine anatifika m'mawondo. Nyanja ya Chilwa inali beseni lobooka lokwiriridwa pansi, chilumba chinali chidutswa cha njerwa pakati pake, mathithi anali phale, misewu inali ya phulusa. M'mbali mwa mtsinje wa Muloza munadutsa mzere wa makala, ndiwo malire a dziko, ndipo muvi wa nsungwi unkaloza kumpoto.

Iwo ankaloza ndi ndodo n'kufuula, ife n'kumayankha.

"Montanha!"

"Phiri!"

"Vale!"

"Chigwa!"

"Planície! Iwe wa ku Malawi kumbuyoko, tsegula pakamwa!"

Wa ku Malawiyo ndinali ine. Kukampu ankatitchula Amozambiki, kwathu tinakhala Amalawi, ndipo anatibweza makalasi awiri chifukwa cha Chipwitikizi. Zimenezo ndinameza. Chimene chinandikanika kumeza n'chakuti aprofesoro, pofuna kuthokoza mwini malata, anaika bokosi la machesi m'mphepete mwa kamtsinje kathu kuti ndi nyumba yake, ndere zobiriwira kuti ndi dimba lake, n'kuzika timitengo kuti ndi mango ake. Ndinakweza mkono.

"Aprofesoro, mtsinje ukasuntha, mapu amatani?"

"Mapu amaonetsa zimene zilipo. Khala pansi."

Ndinakhaladi pansi.

Tsiku la makolo linafika, kunabweranso bwana wa zamaphunziro kuchokera ku boma. Anzanga ali kalikiliki kusesa ndi kunyamula mabenchi, ine ndinadzipereka kuti ndikachotse masamba pa mapu. Ndinagwada ngati mwana wabwino. Ndi sipoko ija ndinaboola kanjira pansi pa dothi, kuyambira patsinde pa Tumbine, kuzungulira kuseri kwa ndere, kudzera pansi pa bokosi la machesi mpaka ku Muloza. Khwawa lenileni ndinalitseka ndi kadongo, n'kuwazapo mchenga kuti lisaoneke.

Anthu atazungulira, aprofesoro ananyamula kheni yothirira ndiwo, nalengeza kuti tsopano tione mmene mvula imagwera pa phiri, n'kutsika m'chigwa, n'kutsata mtsinje mpaka kunyanja. Anathira pamwamba pa Tumbine. Madzi anatsika bwinobwino, anafika pa kadongo kanga, anaima pang'ono, kenaka analowa pansi. Dothi linagumuka. Mtsinje unatulukira kuseri kwa dimba, ndere ndi timitengo ta mango zonse n'kutsala mbali yathu. Bokosi la machesi linapendama, linayandama, linadutsa mzere wa makala n'kukakocheza ku Malawi.

Ine ndinalephera kupirira.

"Malire ndi mtsinje, makolo anatero! Dimba labwerera! Koma aneba, mwawoloka opanda chiphaso, mukalembetse khadi la ufa!"

Bwalo linaphulika. Panali mabanja ambiri obwerera amene anapeza anthu ena m'minda yawo, ndipo anaseka kuseka kwa anthu amene akhala nthawi yaitali atatseka pakamwa. Mayi wina wachilomwe anakhala pansi m'fumbi, akupukuta misozi ndi chitenje. Ngakhale bwana wa ku boma anabisa nkhope kuseri kwa chipewa. Ndinayang'ana abambo kuti ndione mano awo. Sankaseka. Ankayang'ana aneba aja.

Aneba anaimirira pa mpando wawo wakutsogolo, anasasa thalauza, nayenda mpaka pamene panali abambo. Sanakweze mawu.

"Mwana wanu ndi wophunzira, achimwene, malamulo akuwadziwa. Ndiye tingotsata malamulo. Lamlungu musavutikenso kuwoloka."

Mwezi usanathe anabzala nzimbe mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, pansi pa mango pomwe.

Abambo sanandimenye. Tikubwerera kunyumba anayenda patsogolo, ndipo pafupi ndi chitunda chathu anatembenuka.

"Waseketsa anthu. Ndiye chaka chino tidya kuseka?"

Ndinawayankha kuti mizere ija sakanaiona ngakhale akanapereka khola lonse la nkhuku, kuti munthuyo ankangofuna kuwaona akuwoloka chipewa chili m'manja. Ndimakhulupirirabe choncho. Iwo amakhulupirirabe kuti kukolola kunali pafupi. Nkhaniyi sitikambirananso, ndipo m'mawa uliwonse ndimamva khasu lawo likulira pa nsangalabwi.

Kusukulu ndinalandira zikoti pamaso pa kalasi yonse. Sizinali zoti n'kudandaula nazo, kukampu tinkamenyedwa zoposa pamenepo chifukwa cholowerera pa mzere wa madzi. Kenaka aprofesoro anagamula kuti ndiumbenso mapu onse ndekha, dothi ndizisenza pamutu, ndipo mtsinje ubwerere pamene unali. Koma sananene kokatenga dothilo.

Aneba athu masana amakhala ku msika wa ku Muloza. Choncho tikaweruka ndinkatenga chidebe chathu cha kukampu chija, kuwoloka kamtsinje, kukumba gombe lawo pansi pa mango a abambo, n'kutolako mango awiri odyera m'njira. Ndinaumba Tumbine wamkulu kuposa woyamba, ndinawonjezera zitunda zimene kulibe, mpaka aprofesoro anayamikira kuti chilango chandikonza. Dothi lakuda lija limaumbika bwino kwabasi. Mphunzitsi wina amene sankadziwa kanthu anabzala tomato m'chigwa cha mapuwo, ndipo anabereka kuposa chilichonse chimene tinakolola kunyumba chaka chimenecho.