Maluwa a Mkamwini

Amuna anga ndi munthu wa mtima wabwino, koma ubwino wawowo nthawi zina umachita kundidwalitsa mutu. Anabadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi, ndipo akhalitsa kuno ku Joni, moti za kumudzi amangozimvera kwa ine.

Chaka chimene Amayi anga anadwala chotupa cha m'mimba, tinawaitanitsa kuchokera ku Ntcheu kuti adzachitidwe opaleshoni kuno ku Pretoria. Adokotala anati chotupacho si khansa, koma chikachedwa kuchotsedwa chiwapweteka. Amayi anavomera monyinyirika, n'kugonekedwa.

Mawa lake kuli opaleshoni, amuna anga anaweruka kufakitale ku Rosslyn n'kudzera kumsika wa ku Marabastad osandiuza. Ine ndinali pambali pa bedi ndikusendera Amayi nachesi. Ndinangoona munthu akulowa m'wodi atavala jekete yakuda ya kutchalitchi, m'manja muli chimtolo cha maluwa oyera mbee. Mayo ine! Anagwada mwaulemu wonse, n'kuika maluwawo pamiyendo ya apongozi awo.

Amayi anayang'ana maluwa, kuyang'ana jekete, kenako ine.

"Basi, ndamva," anatero motsitsa mawu. "Bwanji osangondiuza, mwana wanga?"

Kwathu duwa sapatsa munthu wamoyo. Maluwa timathyola kumpanda kukagwa maliro, amayi a mvano n'kuluka nkhata zokaika pamtumbira. Ndiye Amayi anaona kuti adokotala atiuza zoipa, ife tikuwabisira, ndipo mkamwini wafulumira kutsanzika.

Pompo anayamba kugawa katundu. Makina osokera akhale anga, mbuzi za mng'ono wanga, wailesi asaipereke kwa amalume chifukwa akaigulitsa kumowa.

"Ndipo mpeni wawowo asandikhudze nawo. Mukandigulire tikiti ya basi, ndikafere kwathu. Sindifuna kubwerera ku Ntcheu m'bokosi, m'ngolo yokokedwa ndi galimoto ngati thumba la chimanga."

Ndinalongosola mpaka kukhosi kuuma kuti kuno ndi mmene amazondera odwala. Amayi anangopukusa mutu.

"Iwe ndinakubala ndine. Ukamanama mphuno yako imachita thukuta."

"Eish, Amayi, pepani, ine ndimati..." anayamba amuna anga, koma ndinawaponda phazi n'kuwakokera kunja, maluwa awo ali kukhwapa.

"Maluwa adya?" ndinawakalipira pakhonde. "Bwanji osagula nthochi ngati anthu ena onse? Nanga jekete yakudayi mukupita nayo kumaliro a ndani?"

Anangoti zyoli, munthu wamkulu ndi ndevu zake. Ndinawamvera chisoni, koma mantha ndi amene anandikulira, chifukwa Amayi anga akati toto ndi toto. Ndinkadziwa kuti akakwera basi imeneyo ndi chotupacho, sindidzawaonanso.

Ndinabwerera m'wodi. Pabedi loyandikana nalo panali mayi wina wa konkuno, wa mtundu wa Apedi, amene tsikulo amatulutsidwa. Ana ake atabwera kudzamutenga, anadzuka, n'kuzula maluwa ofiira m'botolo la pakabati pake, kuwakumbatira, n'kumatuluka akuseka. Anatibayibitsa ndi maluwa omwewo. Amayi anamutsatira ndi maso mpaka pakhomo.

"Mayi aja, maluwawo anawapatsa liti?" anandifunsa.

"Asanalowe kuopaleshoni, ngati inuyo."

"Ndiye akupita kwawo? Ndi miyendo yawo?"

"Eya, Amayi."

Amayi anasisita bulangete.

"Kaitane apongozi anga. Abwere nawo."

Amuna anga analowa monyang'ama ngati mwana woswa mbale. Amayi analandira maluwa aja ndi manja awiri, n'kuviika nkhope yonse m'menemo. Atadzutsa mutu, maso anali atanyowa.

"Bambo ako ndinakhala nawo mpaka imfa, sanandithyolerepo ngakhale duwa la dzungu," anandiuza. "Ndinkadziwa kuti anga ndidzalandira nditagona, osawaona. Kani amanunkhira chonchi?"

Ine misozi inangoti mbwee. Amuna anga anatembenukira kuzenera, n'kumanamizira kukhosomola.

"Iwe, usandilirire pano, sindinafe," anatero Amayi. "Kawauze adokotalawo kuti mawa andipeza pompano. Ndipo maluwa angawa muwaike m'madzi, ndikufuna ndidzawapeze ndikadzuka."