A Ndege Aphunzira Kukwawa

Zimene mwamva zija, zoti a Ndege agwa m'chikondi ndi mayi wophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndi bodza lamkunkhuniza. Inde, telala wa pakhonde la sitolo anawaonadi awiriwo m'kagalimoto, dzanja la mayiyo lili pa dzanja la mkuluyo. Koma diso la telala limaona ulusi wokha, nsalu yonse ayi.

A Ndege ndi bambo wa imvi ndi kamimba, amene anayamba kuyendetsa minibasi tsitsi lili bii. Dzinalo sanawapatse powalemekeza. Kusukulu ya galimoto sanapondeko: anali kondakitala, ankaba chiwongolero bwana akapita kokadya, ndipo laisensi anaipeza m'njira zimene sitifunsana pagulu. Kwa iwo hutala ndiye inali buleki. Pamtsetse ankachotsa giya kuti asunge mafuta, dzanja lina lili lende pawindo kupereka moni kwa dziko lonse, linalo litagona pa giya ngati pabondo la mkazi wawo. Lamba ankati ndi wa anthu operewera chikhulupiriro.

Ndiye mwana wawo mmodzi yekhayo, amene ndi namwino, anakhala woyembekezera. A Ndege anatsuka kagalimoto kawo ka pakhomo mpaka m'matayala, n'kulengeza kuti mdzukulu adzatuluka m'chipatala atanyamulidwa ndi agogo ake, osati ndi takisi ya mlendo. Mwanayo, amene amagwira ntchito ku wodi yofikira anthu a ngozi zapamsewu, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ababa, ine munandinyamula ndipo ndinakula, Mulungu ngwabwino. Koma wangayu simudzamunyamula."

Iwo anati zaka zonsezi sanaphepo munthu. Iye anawayankha mofatsa kuti mwayi si luso.

Akazi awo akuti tsiku limenelo mkuluyo sanadye. Anakakhala m'galimoto pabwalo, osailiza, atangogwira chiwongolero. M'mawa mwake anavala jekete ya kumaukwati n'kukaima pamzere kusukulu ya galimoto pamodzi ndi tiana timene ankatinyamula popita kusukulu.

Mphunzitsi wawo anali mayi wamfupi, wokhalira pilo kuti aone kutsogolo, msinkhu wa mwana wawo yemwe. Anawauza poyera kuti wosadziwa kanthu savuta, poti amabwera manja ali opanda kanthu, koma awo anali odzaza ndi zinyalala za zaka zambiri. Pamphambano popanda ngakhale galu, anawalamula kuti aime.

"Tikuimira ndani, mayi? Mizimu?"

"Tikuimira amene simunamuone, bambo."

Za magalasi anazigwira msanga. Hutala anaisiya ngati munthu wosiya fodya, mokwiya. Koma dzanja lija linali ndi mutu wakewake: akangoiwala pang'ono, labwerera pa giya. Mayiyo ankalinyamula ngati mwana wothawa kusamba, n'kulibwezera pachiwongolero. Ndi zimenezo zimene telala anaona, n'kuzisoka mpaka zinakwana mzinda wonse. Amayi ena atapita kukawatsina khutu akazi a Ndege, iwo anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti ngati mtsikanayo angaliwongole dzanja limenelo, amugulira nsalu, poti iwo linawakanika kuyambira ali pachibwenzi.

Tsiku lotuluka m'chipatala, a Ndege anaimika galimoto pageti osaliza hutala. Mkamwini wawo anali ataitana kale takisi. Namwino anatuluka pang'onopang'ono, kamwana kali m'manja, kokutidwa mpaka mphuno. A Ndege sanapemphe kanthu. Anangotsegula chitseko chakumbuyo, pamene panali kampando ka khanda kobwereka kwa mphunzitsi uja, komangidwa bwinobwino, kenako anapereka foni yawo kwa akazi awo kuti aisunge.

Namwinoyo anayang'ana kampandoko, anayang'ana mayi ake, mayi ake n'kugwedeza mutu.

"Tazungulirani kaye bwaloli, ababa, ndione."

Ndipo a Ndege, amene madalaivala onse a pasiteji ankawapatukira, anamanga lamba, anayang'ana magalasi, anayatsa indiketa m'bwalo lopanda galimoto ina yoyenda, n'kuzungulira manja onse awiri ali pachiwongolero, thukuta lili kamukamu. Atabwerera, anapeza mwana wawo akupukuta m'maso ndi kansalu ka khanda, akuuza mwamuna wake kuti apepese wa takisi.

Ulendo wakunyumba, musafunse. Njinga zinkawapitirira. Anzawo a minibasi ankakuwa pawindo kufunsa ngati ndege yatha mafuta, koma iwo ngakhale chala sanakweze. Kamwanako kanagona njira yonse, ndipo atafika pakhomo mkuluyo anayamba wazimitsa kaye galimoto n'kumasula lamba, ndiye n'kukalandira.

Telala akadali kusoka nkhani yake pakhonde paja, ndipo musiyeni, ndiyo ntchito yake. Choona n'chakuti a Ndege anabwerera kusukulu ali ndi imvi kuti aloledwe kunyamula mdzukulu wawo.