Malume Obwereka a ku Lewisham ndi Mkangano wa Utatu

Taganizirani m'mawa wa Lachiwiri ku Lewisham, mwezi wa February. Kunja kuli mbuu, kamvula kakuwaza, anthu aima pa siteji atakweza mapewa, aliyense maso pa foni. Basi yofiira ikuima, chitseko chikutseguka, ndipo pachiwongolero pali bambo wamfupi wa imvi zam'mbali amene amapereka moni kwa aliyense wokwera, ngakhale kwa amene sayankha. Amenewo ndi a Flywell Kamwendo. Kwawo ndi ku Dedza, ndipo ayendetsa basi mumzinda uno zaka makumi awiri ndi ziwiri. M'chikwama mwawo simusowa fulasiki ya tiyi ndi mpango. Koma chaka chimene tikunenachi munalinso chibuku cha mbiri ya mpingo, cholemera ngati njerwa.

A Flywell ali ndi ntchito ina yopanda yunifolomu. Kwathu ukwati suyenda popanda ankhoswe: makolo a mbali ziwiri salankhulana okha, mawu amadzera mwa amalume. Tsono ku London kuno amalume enieni amakhala ali ku Ntcheu, akudikira viza. Choncho achinyamata akafuna kumanga banja amabwereka a Flywell, mpaka dzina linawakanirira lakuti malume obwereka.

Amene anawabwereka chaka chimenecho anali Chiyamiko, namwino wogwira ntchito ku Romford, mwana wa a Felton Kathumba. A Felton ndi mkulu wa mpingo, ndipo anabwera kuno ali mwana, bambo awo atathawa zandale. Mnyamata anali Mulenga, mwana wa a Newton Mwila, a ku Zambia okhala ku Edmonton. Mpingo wa a Newton ndi waung'ono, ndipo umaphunzitsa kuti Mulungu ndi Atate okha, Mwana ali pansi pawo.

Cholakwika chinali chimodzi: abambo awiriwa anakumana ankhoswe asanawakonzere njira. Mulenga atamaliza maphunziro ake ku yunivesite anaitana mabanja onse ku chakudya cha masana. A Felton anapempherera chakudya, namaliza ndi kutamanda Utatu Woyera. Onse anati ameni kupatula a Newton, amene anangotsegula maso n'kunena kuti Akhristu oyamba sankadziwa Utatu, zimenezo anazipeka mabishopu pambuyo pake. A Felton anati ayi, atumwi enieniwo ankakhulupirira Utatu. Mpunga unazizira m'mbale. Pobalalika, a Felton anali atalumbira kuti chinkhoswe cha mwana wawo sichichitika popanda pemphero lotchula Utatu, ndipo a Newton anati pempherolo likangoyamba iwo atuluka ndi abale awo onse. Kunali kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti chinkhoswecho chichitike.

Chiyamiko anafika kwa a Flywell maso ali psuu.

"Ankolo, ndipange bwanji? Adadi sakumva, apongozinso sakumva. Tingopita ku ofesi ya boma tokha?"

"Ukatero udzakhala ndi satifiketi, koma abale udzawasowa," anatero a Flywell. "Ndipatse masabata atatu."

Mtsikanayo atapita, akazi awo, mayi Etta, anawayang'ana m'mbali.

"Inu abambo, za Utatu mukudziwapo chiyani? Pa ulaliki mumakhala mukuwodzera."

"Ndimakhala ndikusinkhasinkha, amayi. Nkhoswe siweruza mlandu, imanyamula mawu. Koma sindinganyamule katundu amene sindikudziwa kulemera kwake."

M'mawa mwake, nthawi ya buleki, analowa mu laibulale atavala yunifolomu, nafunsa mayi wa pakauntala buku lonena zimene Akhristu oyamba ankakhulupirira. Anawapatsa atatu. A Flywell sukulu analekera Fomu 2, ndipo Chingerezi cha m'mabukumo sichinali cha pa basi ayi. Ankawerenga masamba asanu patsiku, chala pamzere, n'kumalemba m'kope m'Chichewa zimene amvapo. Anzawo ku kantini anayamba kuwaitana kuti bishopu.

Masabata atatu atatha a Flywell anakwera sitima kupita ku Edmonton. Nkhoswe ya kuchimuna, azakhali a Mulenga otchedwa a Mable, inawalandira n'kuwalowetsa kwa a Newton.

"Bambo Mwila, ndabwera ndi mawu, ndipo oyamba ndi okukomerani," anayamba a Flywell. "Mukunena zoona. Liwu lakuti Utatu m'Malemba mulibe, linayamba kulembedwa patadutsa zaka zoposa zana. Akhristu oyamba anali Ayuda, ndipo Myuda amanena m'mawa ndi madzulo kuti Mulungu ndi mmodzi."

"Mwaona manje!" anafuula a Newton m'Chinyanja cha kwawo, akuwomba pa bondo. "Ba Mable, bweretsani tiyi ya ba Flywell. Nenze kukamba ine!"

"Musatsike msanga, basi sinafike. Anthu omwewo ankaitanira pa dzina la Yesu m'mapemphero. Bwanamkubwa wina wa Chiroma, munthu wosapemphera nawo, analemba kuti ankasonkhana mbandakucha kuimbira Khristu nyimbo ngati akuimbira mulungu. Pobatiza ankatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Inu pobatiza mumatchula ndani?"

A Newton anakanda kumutu. "Omwewo. Koma sitikamba kuti ni olingana."

"Basi, ndamva."

Tsiku lotsatira a Flywell anapita kwa a Felton ku Lewisham, nayambiranso mbali yowakomera: nyimbo zija, ubatizo uja. A Felton anagwedeza mutu mokhutira ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza.

"Koma achimwene, pali zinanso. Olemba ambiri akale ankanena za Mwana ngati ali pansi pa Atate, ndipo m'masiku awo sankaoneka achilendo. Mawu akuti Mwana ndi wolingana ndi Atate anagwirizanidwa pamsonkhano wa ku Nikeya m'chaka cha 325. Za Mzimu Woyera anadzamaliza mu 381."

"Choonadi chinalipo kale, Flywell. Msonkhano unangochilemba."

"Mwina n'zoona, ine si abusa. Mabuku akuti ankakhulupirira Mulungu mmodzi, ankalambira Yesu, ndipo mmene ziwirizi zikugwirizanirana anatenga nthawi kuti apeze mawu ake. Amene anautsa mkanganowo anali anzathu a ku Africa komwe, ku Iguputo. Iwo anakangana zaka zoposa makumi asanu. Ife tatsala ndi masabata atatu, ndipo Chiyamiko akuwonda."

Apo a Felton anafewa. Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekhayo.

A Flywell anatulutsa pepala. Anali atalemba pemphero lalifupi la mawu okhawo amene Mkhristu wa m'zaka zoyambirira akanawazindikira: Mulungu mmodzi, Atate, mlengi wa zonse, Yesu Khristu Ambuye, ndi dalitso m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Pepalalo linayenda maulendo anayi pakati pa Lewisham ndi Edmonton. A Felton ankafuna kuwonjezera mzere, a Newton ankafuna kuchotsa mzere, ndipo a Flywell ankauza aliyense mofatsa kuti mnzakeyo waluza kale zambiri. Paulendo wachinayi onse anavomera, aliyense akuganiza kuti wapambana ndi iye.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka masana m'holo ina ku Romford. Mwambo umafuna kuti ankhoswe apatsane tambala ndi msoti, koma nkhuku yamoyo simungakwere nayo sitima ya ku London kuno. Mayi Etta anagula ziwiri zososola kale, namangirira ina kansalu kofiira kuti anthu adziwe kuti tambala ndi ameneyo. Anthu anaseka mpaka misozi. Kenako a Flywell anaimirira, navala magalasi, nawerenga pemphero lija pang'onopang'ono. Chiyamiko sanatseke maso, ankangoyang'ana abambo awiriwo. Pomaliza, a Felton anati ameni. Panadutsa kamphindi, ndipo a Newton nawonso anati ameni, mokweza kuposa onse. Nthungululu zinamveka mpaka pamsewu.

Musaganize kuti mkangano unatha. Mpaka lero asebele awiriwo akakumana amautsa nkhani ya Nikeya, ndipo a Newton akapanikizika amati, "Tifunse ba bishopu." Koma amakangana mdzukulu ali pamiyendo, ndipo chakudya sichizizira.

Mabuku aja a Flywell anawabweza tsiku lake lisanakwane. Akuyendetsabe basi, shifiti ya m'mawa. Ukwati wa Chiyamiko ndi Mulenga unali wa khumi ndi chinayi umene iwo anauimira unkhoswe, ndipo chaka chino wakwanitsa zaka zisanu.